Ulendo wa ku Kasungu Mvula Isanagwe

Mukawoloka mlatho wa Bua pa msewu wa M1, Madisi atatsala kumbuyo, ndiye kuti mwalowa m'boma la Kasungu. Zitunda za ku Dowa zimathera pomwepo. Kutsogolo kumangooneka chidikha chokhachokha, dziko loyala see mpaka kumene maso alekezera, ndipo mu Okutobala limakhala lotuwa ndi fumbi komanso utsi wa lupsa. Minda yambiri imakhala itagalauzidwa kale, mizere ili ndondondo kudikira mvula. Zigafa zimaima zopanda kanthu, udzu wa padenga utayamba kusosoka, mbuzi zitabisalamo dzuwa. Mitengo imene yatsala m'minda ndi ya mango, apo ndi apo msangu, kenako bulugamu m'malire a maesiteti akale. Pansi chobiriwira chimene mungaone ndi mabedi a nazale za fodya m'madambo basi.

Ndinabwera kudzafufuza chinthu chimodzi. Ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kumwera kwa kuno, misonkhano ya sayansi, luso lamakono ndi kusintha kwa nyengo siisowa. Imachitikira m'mahotela ndi ku BICC, m'Chingerezi, madzi a m'botolo ali patebulo. Koma anthu amene mvula ikachedwa amagona ndi njala ali kuno, oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Nanga iwowa nkhani zimenezi amazimvera kuti, amawauza ndani, ndipo miyezi ikubwerayi wofuna kumva angapite pati?

Poyamba ndinatsika pa Chinkhoma. Pano pali umodzi mwa misika inayi ya fodya m'dziko muno. Inayo ili ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Mzuzu. Nyengo ino pamakhala zii, mashedi aakuluwo atatsekedwa, anyamata a kabaza akuwodzera pamthunzi. Amene anafikapo mu Epulo kapena Meyi sangapazindikire. Nthawi imeneyo malole amakhala atandandalika mumsewu, mabelo okutidwa ndi ziguduli atasanjikana, fungo la fodya wouma likukanda pakhosi, amayi akugulitsa nsima ndi tiyi usana ndi usiku. Alimi amadikira kuti mabelo awo alowe, ndipo pa kudikirako ndi pamene pamachitikira zokambirana za ulimi zazikulu kuposa zina zonse m'boma lino, zopanda wapampando, zopanda ndondomeko. Uyu akufotokoza chimene chinadetsa fodya wake m'chigafa, uyo akuti feteleza wachiwiri anathira mochedwa chifukwa cha ng'amba ya mu Januwale, winanso akutsutsa kuti vuto ndi mbewu. Wa ku Santhe amatola nzeru kwa wa ku Chamama. Ndikanakhala katswiri wa zanyengo, ndikanaimika galimoto pompano ndi chinkuzamawu, poti omvera amakhala atasonkhana kale popanda wowalipira alawansi.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake nkhani iliyonse ya sayansi kuno imayambira pa fodya, ayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Nthawi ya Kamuzu, yemwe kwawo kunali konkuno, chidikhachi chinagawidwa maesiteti. Kunali Press Farming, General Farming ndi Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndipo fodya wa bale ndi wa fulu anali wa maesiteti ndi alimi osankhika. Munthu wamba pamunda wa makolo ake sankaloledwa. Lamulo linamasuka mu 1990, bale anafalikira mudzi ndi mudzi. Kuyambira 2012 fodya wambiri akulimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, omwe amakongoza mbewu ndi feteleza n'kutumiza alangizi awo pa njinga zamoto. Chotsatira chake n'chakuti ulangizi umene umafika pakhomo mosadumphitsa ndi wa fodya. Wa chimanga, mtedza ndi soya umadalira mlangizi wa boma, amene mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ena akuyendera njinga yakapalasa.

Nditachoka pamsewu ndinatsata kanjira kotsikira kudambo. Kumeneko ndinapeza amayi ena achikulire ndi mnyamata wawo akuthirira nazale. Madzi ankatunga pachitsime chokumba pamanja, mnyamatayo akutsikira m'dzenjemo ndi keni, amayiwo akulandira pamwamba.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Taswera, kaya inu, bambo. Mwasochera kapena mwabwera kudzagula mbande?"

Nditawauza chimene ndinadzera anaseka, nati zasayansizo n'za ana a sukulu, iwo amangodziwa fodya. Kenako anayamba kundionetsa mabediwo. Njere ya fodya ndi yaing'ono kwambiri moti pofesa amaisakaniza m'madzi a m'keni kuti imwazike mofanana. Akafesa amaphimba ndi udzu wosalala, ndipo mbande zikamera amapungula udzuwo pang'onopang'ono kuti ziyambe kuzolowera dzuwa. Zikakula amazimeta masamba kuti zazikulu zisaphimbe zazing'ono. Kukatsala masabata ochepa kuti awokere, amachepetsa madzi dala kuti mbande zikhwime, zisakafote kumunda. Malo a nazale amasintha chaka ndi chaka pothawa tizilombo ta m'nthaka timene timatupitsa mizu. Zonsezi anazifotokoza mosadodoma, chifukwa chake cha chilichonse ali nacho pakamwa. Ndinaona kuti munthu amene amatha kusunga m'mutu ndondomeko yonseyi sangalephere kumvetsa za kutentha kwa dziko atamufotokozera m'chilankhulo chake.

Funso lawo linali pa chitsimecho. Anati ali mtsikana dambo limeneli linkakhala ndi chithaphwi mpaka mvula ina, koma tsopano chaka chilichonse amawonjezera kukumba, ndipo pofika kumapeto kwa Okutobala amadzuka m'bandakucha kukalimbirana timadzi timene tasonkhana usiku. Cha kumtunda mnansi wawo anagula pampu yoyendera dzuwa. Thabwa la sola lili gada pa udzu, paipi ikulavula madzi popanda wotuluka thukuta. Amayiwo ankaisirira pampuyo, komanso ankaikayikira kuti mwina ndiyo ikuwamalizira madzi. Yankho la funso lawo lilipo ndipo si lovuta. Dambo limadyetsedwa ndi madzi amene amalowa pansi kumtunda n'kumatsika pang'onopang'ono chilimwe chonse. Mitengo ya kumtunda ikatha, nthaka ikauma gwaa, mvula ikamagwa yamkuntho masiku ochepa m'malo mogwa mwakachetechete masiku ambiri, madzi amathamanga pamwamba kukagwera mu Bua osalowa pansi. Kutentha kukawonjezeka, otsalawo amauluka msanga. Pampu nayo ikachuluka pa dambo limodzi imatsitsadi madzi. Zimenezi munthu angazifotokoze nthawi yosakwana kuphika ndiwo, koma amayiwa anati palibe anabwerapo kudzawauza.

Iwowa ndi amene anandiuza kuti mawa lake kuli msonkhano wa mlangizi pabwalo la agulupu. Ndinapita.

Bwalolo linali pansi pa mitengo iwiri ya mango. Mabenchi anabwereka kutchalitchi, ndipo monga mwa chizolowezi abambo ndiwo anakhalapo, amayi atayala zitenje pansi cha kumbali, ana akuyamwa. Anatsegula ndi pemphero, agulupu analandira alendo, kenako mlangizi, mnyamata wa jombo zakutha, anatulutsa pepala m'chikwama. Linali la ulosi wa mvula ya chaka chino. Nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo imatulutsa ulosi umenewu chaka ndi chaka mvula isanayambe, kawirikawiri cha mu Sepitembala, kenako imaugawa boma ndi boma kuti alangizi akaufikitse kumidzi. Pa misonkhano yonse ya sayansi imene imachitika m'dziko muno, uwu ndi umene umakhudza nkhokwe ya munthu mwachindunji, ngakhale sulembedwa m'nyuzipepala.

Chovuta n'chakuti ulosiwo sunena zimene mlimi akufuna kumva. Umanena za mwayi: kuti mvula ingakhale ya mlingo wake, yocheperapo kapena yoposerapo, kuti ingayambe cha m'masabata akutiakuti, kuti mwezi wakuti mungakhale ng'amba. Mlangizi atawerenga, anthu anang'ung'udza. Agogo ena a chipewa cha mlaza anaimirira, nati: "Alangizi, ife tamva, koma tiuzeni tsiku lodzala." Anthu anaseka, koma agogowo sankaseka. Mbewu ya chimanga ya m'sitolo ndi yodula, ndipo amene wadzala ndi chizimalupsa n'kupsa alibe ndalama yogulira ina.

Mnyamata uja anachita chinthu chimene ndinachikonda. Anatola timiyala khumi n'kutiyala pansi. Anati timiyalati ndi zaka khumi zimene zizindikiro za m'nyanja ndi mumlengalenga zinkaoneka monga zikuonekera chaka chino. Anasuntha tingapo mbali imodzi, nati izi ndi zaka zimene mvula inagwa bwino. Totsalato anati ndi zaka zimene inavuta. Palibe angakuuzeni kuti chaka chino ndi kamwala kati, anatero, koma mungathe kuona mbali imene yachuluka n'kukonzekera mbali zonse ziwiri. Agogo aja anawerama kuyang'ana timiyalato nthawi yaitali. Kaphunzitsidwe kotere kakufanana ndi njira yotchedwa PICSA, imene akatswiri a yunivesite ya Reading ku England anaikonza ndipo yakhala ikugwiritsidwa ntchito m'maboma ena a dziko lino: alimi amaona okha mbiri ya mvula ya dera lawo ya zaka zambiri n'kusankha okha chodzala, m'malo mongolamulidwa.

Wina anafunsa chimene nyanja ya kutali ikukhudzirana ndi munda wa ku Kasungu. Funso labwino, ndipo yankho lake anthu analiona kale ndi maso. Madzi a pakati ndi kum'mawa kwa nyanja ya Pacific akatentha kuposa nthawi zonse, kayendedwe ka mphepo padziko kamasokonekera, ndipo kumwera kwa Africa kuno mvula imakonda kuchepa. Chimenechi ndicho El Niño. Chinatikantha mu 2015/16, chinabweranso mu 2023/24, pamene chimanga chinafota chili pafupi kumasula. Pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Akatswiri anali atachenjeza miyezi ingapo mvula isanayambe. Funso ndi lakuti chenjezolo linafika pa mabwalo angati ngati ili. Chaka chomwecho, kumapeto kwa Febuluwale, mtsinje wa Dwangwa, umene umayambira m'chidikha chomwechi, unasefukira n'kugwetsa nyumba ku Nkhotakota. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma sanaganize za chaka chimene ng'amba ndi chigumula zimabwera mwezi umodzi.

Malangizo amene anatsatira ndi odziwika kwa aliyense amene amamvera wailesi, choncho sindichedwapo: kusakaniza mbewu yocha msanga ndi yochedwa, kudikira nthaka inyowe mokwanira, kutseka mizere kuti madzi asathawe, kuphimbira ndi mapesi, kupanga manyowa, kudzala chimanga njere imodzi paphando motalikana masentimita 25, soya ndi mtedza mizere iwiri pa mzere umodzi. Anatchulanso msangu, mtengo umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, motero suphimba chimanga koma umachithirira chonde. Msonkhano unatentha pamene anafika pa mayina a olandira feteleza wotsika mtengo. Apo ndiye aliyense anadzuka, manja m'mwamba, mawu pamwamba, ndipo zinaonekeratu kuti ambiri anadzera chimenechi. Sindikuwadzudzula. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Koma zikutanthauza kuti ulosi wa mvula umalowa pamsonkhano ngati mlendo wodzera pa ukwati wa eni, womvedwa ndi khutu limodzi.

Mafunso okoma anabwera msonkhano utatsekedwa, abambo atayamba kukankha njinga zawo. Amayi anamuzungulira mlangizi uja. Wina anafunsa za ntchemberezandonda, mbozi zimene zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017 ndipo sizinachokenso: kodi kuthira dothi, phulusa kapena msuzi wa usipa m'mutu mwa chimanga kumathandizadi, kapena n'kungodzitonthoza? Mlangizi anati msuziwo umaitana nyerere zimene zimadya mbozi, ndipo chachikulu n'kuyendera munda chimanga chikadali chaching'ono, mbozi zisanalowe mkati. Wina anafunsa za chuku cha mtedza, chifukwa chake ogula ena amaukana. Anawauza kuti chukucho chimatulutsa poizoni wosaoneka, wosatha ngakhale mukazinge, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndiponso kuti chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti usavute kuswa ndicho chimachulukitsa vutolo. Amayiwo anayang'anana. Nkhani yofunika chonchi inakambidwa anthu ataimirira, padzuwa, ambiri atapita.

Tawuni ya Kasungu imayamba kuoneka ndi phiri lake, loima lokha pakati pa chidikha. Mumsika luso lamakono lili poyera, silidikira msonkhano. Matabwa a sola atsamira makoma a masitolo pamodzi ndi mabatire, mawaya ndi mababu. Anyamata akhala pa timatebulo akusungunula mtovu, akutsitsimutsa mafoni akufa, ambiri a iwo osapitako ku sukulu ya ntchitoyo. M'masitolo a zipangizo za ulimi ndi mmene muli aphunzitsi ena osawerengedwa. Ndinaima m'sitolo ina ndikumva bambo wina akufunsa mankhwala a mbozi. Mtsikana wogulitsa anamupatsa botolo lolembedwa m'Chingerezi, timalemba tating'onoting'ono, namuuza kuti azithira zitsekerero ziwiri m'sipuleya. Za magolovesi, za mphepo, za masiku oyenera kudikira asanathyole nkhwani wa m'munda womwewo, sizinatchulidwe. Mtsikanayo si wolakwa. Nayenso palibe anamuphunzitsa.

M'tawuni momwemu muli likulu la Kasungu ADD, lomwe limayang'anira ulimi m'maboma a Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Mchinji. Pansi pake pali madera a zaulimi monga Lisasadzi, Chamama, Santhe, Chulu ndi Kaluluma, ndipo ku maofesi a madera amenewa ndi kumene munthu angakafunse masiku a misonkhano ndi zionetsero. Njira ina ndi wailesi: ya m'dera ya Kasungu Community Radio, pulogalamu yakale ya Ulimi Walero pa MBC, zanyengo za tsiku ndi tsiku pa Zodiak. Pa foni pali nambala ya 321 ya Airtel, yomwe munthu amaimba n'kumvera uthenga wa ulimi m'Chichewa. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene imayankha mafunso a alimi m'Chichewa potengera buku la malangizo la unduna wa zaulimi. Zonsezi n'zothandiza. Koma Ulangizi umafuna foni yaikulu ndi bandulo, ndipo wailesi siiona nkhope ya womvera kuti idziwe ngati wamva. Timiyala khumi tija sitingadutse pa wailesi.

Za fodya zili ndi nyumba yake. Bungwe la ARET, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995 kuti lizichita kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, lili ndi sukulu ya ulimi ku Mwimba m'boma lomwe lino. Zionetsero za m'munda, kaya za bungweli, za makampani ogula fodya, za ogulitsa mbewu kapena za boma, zimachuluka kuyambira Januwale mpaka Malichi, mbewu zili chilili, pamene mlimi angayerekeze ndi maso mzere uwu ndi uwo. Pa zionetsero zotere nkhani ya mitengo siilephera, ndipo m'pake. Fodya wa fulu amaumitsidwa ndi moto wa nkhuni m'mabani. Wa bale safuna moto, koma chigafa chimadya mitengo ya mafoloko ndi mikangala imene chiswe chimaimaliza m'zaka zochepa. N'chifukwa chake akulimbikitsa zigafa zamoyo, zimene nsanamira zake ndi mitengo yodzala pamizere, yomera, yosafuna kusintha, komanso mabani a makono osadya nkhuni zambiri. Amene akufuna kuona mmene chidikhachi chinkaonekera mitengo ya mombo ndi tsamba isanathe apite kumadzulo, ku nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, kumene mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Midzi ya m'mphepete mwa nkhalangoyo ili ndi misonkhano yakeyake, ya mpanda ndi minda yodyedwa, ndipo imeneyo siifuna kuitanira kawiri.

Pali sayansi ina ya fodya imene imafika mochedwa kwa oyenera kuimva. Munthu akamathyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, chikonga cha m'masamba chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Amamva chizungulire, mutu, nseru, nthawi zina kusanza, ndipo ambiri amangoti ndi malungo kapena dzuwa. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009, lomwe linafunsa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuphatikizapo a ku Kasungu, linaulula vutoli kudziko lonse. Makampani tsopano amaphunzitsa za zovala zodzitetezera, ndipo lamulo linathetsa utenanti mu 2021. Koma woitanidwa ku maphunziro amakhala mwini munda, amene dzina lake lili pa mgwirizano. Waganyu ndi mwana amene manja awo amagwira tsambalo m'mamawa amakhala ali kumunda nthawi ya msonkhano. Nkhani inanso yosakambidwa mokwanira ndi ya tsogolo la mbewuyi. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse lochepetsa kusuta fodya. Fodya akadali wobweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa mbewu ina iliyonse, ndipo satha mawa, koma mlimi amene akukongola kuti amange bani la njerwa ayenera kuuzidwa poyera kumene dziko likulowera.

Kuchoka m'tawuni ndinakwera galimoto ya ku Nkhotakota, msewu wolowera kum'mawa. Pa Mtunthama pali Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene Kamuzu ankati anaphunzirirapo ali mwana. Ndi sukulu ya nyumba zokongola, ya laibulale yaikulu ndi zipinda zoyesera sayansi, yotchuka ndi Chilatini ndi Chigiriki. Chapafupi pomwepo pali masukulu a sekondale oyendera kumene mwana amaloweza za asidi ndi magetsi kuchokera pa bolodi, osagwirapo chipangizo ndi chimodzi chomwe. Masukulu a mitundu iwiri imeneyi kuyandikana chonchi, munthu umalakalaka patakhala tsiku limodzi pa teremu loti zipata zitsegukire ana a m'midzi yozungulira.

Kumene ndinkalinga kwenikweni ndi ku Wimbe. Ndi kamsika wamba: timasitolo, chigayo, malo ometera oyendera sola, matumba a soya pa sikelo ya venda. Koma dera limeneli ndilo linatulutsa munthu amene walankhulapo za sayansi pamaso pa anthu ochuluka a m'maiko osiyanasiyana. William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, anakulira m'mudzi wa Masitala, m'banja lolima chimanga ndi fodya. Njala ya 2001 ndi 2002 inasautsa kwambiri Kasungu. Anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ambiri anamwalira, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. William anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake analibe fizi. M'malo mongokhala, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, koma zithunzi ankazimva.

Zipangizo zopangira makina ngati amenewo anakazitola pa dzala la zitsulo la esiteti ya fodya yoyandikana ndi sukulu imene anachotsedwayo. Chopemerera cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki owawamba pamoto n'kuwaphwatalitsa, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, nsanja ya mitengo ya bulugamu: mu 2002, ali ndi zaka 14 zokha kapena kupitirira pang'ono, babu linayaka. Anthu amene ankamunena kuti wapenga anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Panapita zaka zinayi dziko lisanadziwe. Mu 2006 Dr. Hartford Mchazime, amene ankagwira ntchito ndi bungwe lomwe linathandiza kalaibulale kaja, anaona makinawo n'kubweretsa atolankhani. Mu 2007 William anaima pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Mu 2009 linatuluka buku lake The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer. Anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu ya nkhaniyi, yojambulidwa konkuno, mbali yaikulu m'Chichewa. Bungwe la Moving Windmills, lomwe linayamba mu 2008, lakhala likuthandiza pa masukulu, madzi ndi magetsi a dzuwa m'derali.

Nkhaniyi timakonda kuikamba ngati chozizwitsa, ndipo pamenepo ndi pamene timalakwitsa. Tikati ndi chozizwitsa ndiye kuti tadzimasula, palibe chimene tingachite koma kuwomba m'manja. Chimene chinachitika ku Wimbe n'chakuti mashelefu ochepa a mabuku anaikidwa pamalo oti mwana wosavala nsapato angafikepo wapansi, ndipo munthu wosunga mabukuwo sanamuthamangitse. Madzulo amene ndinali pamsikapo ndinaona tianyamata titazungulira wokonza mawailesi, tikuyang'anitsitsa nsonga ya chitsulo chake chamoto, wina atanyamula galimoto yake ya mawaya yokhala ndi nyali za batire yakutha. Chidwi chimene chinali mwa William sichinasamuke naye. Chimene chikusowa ndi munthu woti aime pamsikapo Loweruka masana n'kufotokoza chifukwa chake thabwa la sola limafooka likachita fumbi, chifukwa chake batire ya galimoto siikhalitsa pa sola, kapena chimene chimachititsa mphezi, m'dera limene munthu akaphedwa ndi mphezi mudzi umayamba kuloza nkhalamba.

Miyezi ikubwerayi mipata yomvera ilipo, ngakhale siilengezedwa pa zikwangwani. Kuyambira pano mpaka mvula itayamba, alangizi akuyenda ndi ulosi wa nyengo m'mabwalo a mafumu. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Zionetsero za m'minda yachitsanzo zidzachuluka pakati pa Januwale ndi Malichi. Pa 23 Malichi ndi tsiku lokumbukira zanyengo padziko lonse, ndipo cha mu Epulo msika wa Chinkhoma udzatsegulanso zipata.

Inu a ku Kasungu, funsani mlangizi wanu kapena mlimi wotsogolera wa m'mudzi mwanu tsiku la msonkhano, ndipo mukapite ngakhale kulibe mayina a feteleza. Mutenge waganyu wanu ndi mwana wanu wa sukulu. Amayi, funso la chuku lija mulifunse msonkhano uli mkati, abambo akumva. Ndipo inu akatswiri a ku Chitedze, a ku Bunda ndi a zanyengo, msewu wochokera ku Lilongwe ndi wa phula mpaka pa Mtunthama. Bwerani mbewu isanagulidwe, musankhe tsiku la msika, mulankhule Chichewa, ndipo theka la nthawiyo mulisiyire mafunso.